Tsokonombwe ndi Mtunda Wotsala

Tsokonombwe si kachilombo koti munthu n'kukagomera. Thupi lake ndi lolemera, khungu lokhakhala ngati khungwa la mtengo wouma, ndipo akakhala pakati pa zibuluma za m'munda simumuona mpaka mutatsala pang'ono kumuponda. Ziwala zinzake zikadzidzimuka zimangoti pululu, zapita. Iye amadumpha kamodzi, kamtunda kochepa, n'kukhala phee ngati waiwala kumene amapita. Komabe akale atafuna kuphunzitsa za ulendo wautali sanatchule mphamba kapena gwape. Anati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Anthu amaukonda mwambiwu chifukwa umatonthoza wochedwa. Uli ndi mbali ina imene sitchulidwa kawirikawiri. Amene anamuyang'anitsitsapo tsokonombwe akudziwa kuti nthawi yochuluka ya ulendo wake imathera pokhala. Kudumpha n'kwa kamphindi, kukhalako ndiye kotalika. Nkhani yonse ya ulendowo ili pakati pa kudumpha kumodzi ndi kunzake, pa chimene chimamudzutsa kuti anyamukenso. Ndipo funso lomweli ndi limene likuzunguza mitu madokotala a mtima m'mayiko ambiri masiku ano, pamene akuganizira za wodwala amene wamaliza mafizo ake kuchipatala n'kubwerera kwawo.

Mtima nawo umadya. Uli ndi mitsempha yakeyake imene imaubweretsera magazi, ndipo umodzi ukatsekeka ndi mafuta komanso magazi oundana, mbali ya mnofu wa mtima imayamba kufa. M'zipatala zokhala ndi zipangizo, madokotala amalowetsa kachubu kowonda kudzera pamkono kapena mphechepeche, n'kutsegula pamene patsekeka, n'kusiyapo kawaya kolukidwa kotchedwa stent kuti mtsemphawo usatsekekenso. Pakatha masiku ochepa munthu amatuluka. Kenako pamabwera gawo lophunzitsa mtima kugwiranso ntchito. Ku Germany wodwala amakakhala pafupifupi milungu 3 pachipatala chapadera chochitira zimenezi. Ku America amatha kupita maulendo 36, kawirikawiri katatu pa mlungu. Ku Britain amakumana m'magulu kwa milungu ingapo. Kumeneko kuli nesi, kuli wa mafizo, kuli makina owerenga kugunda kwa mtima pamene munthu akupalasa njinga yosachoka pamalo. Akatopa pali womufunsa. Akachita mantha pali womulimbitsa mtima.

Ndiye limafika tsiku lomaliza. Amamugwira chanza, amamupatsa pepala la malangizo, iye n'kutuluka pageti. Mtunda weniweni, wa zaka 10 kapena 20, umayambira pamenepo.

Kuti odwala mtima aloledwe n'komwe kuyenda, panapita zaka zambiri za kulakwitsa. Mu 1912 dokotala wa ku Chicago, James Herrick, anafotokoza kuti munthu angathe kupulumuka mtsempha wa mtima utatsekeka, ndipo maganizo amene anakhazikika pambuyo pake anali akuti mtima wovulala uyenera kupumula kotheratu, monga mwendo wothyoka umamangidwira. Pofika zaka za m'ma 1930, lamulo linali kugona pabedi milungu 6. Wodwala ankadyetsedwa ndi sipuni, kusambitsidwa, kudzithandiza ali chigonere, osaloledwa ngakhale kutembenuka yekha. Zonsezi ankazichita mwachikondi ndi mosamala kwambiri. Koma magazi ankaundana m'miyendo, chibayo chinkalowa m'mapapo, ndipo munthu wogona chagada milungu yonseyo akuyang'ana denga ankasweka mtima poganiza kuti basi zake zatha.

Ku Boston, dokotala wachikulire Samuel Levine ndi wophunzira wake wachinyamata Bernard Lown anachita chinthu chimene anzawo anachiona ngati misala. Ankamunyamula wodwala n'kumukhazika pampando wandalema kwa maola angapo tsiku lililonse. Anatsutsidwa koopsa. Mu 1952 anasindikiza zimene anapeza pa odwala 81, ndipo zinaonetsa kuti mpando sukupha anthu monga ankaopera, m'malo mwake odwala ankadya bwino, kugona bwino, nkhope n'kuwala. Ulendo wa odwala mtima wochoka pabedi unayamba ndi kudumpha kwa tsokonombwe weniweni, kuchoka pabedi kufika pampando woyandikana nalo.

Umboni wina unachokera kumene anthu sankayembekezera, m'mabasi osanja a ku London. Jeremy Morris anayerekeza madalaivala, amene ankakhala pampando pafupifupi tsiku lonse, ndi makondakitala, amene ankakwera ndi kutsika masitepe mazanamazana potolera ndalama. Anthuwa anali a mzinda umodzi, ntchito pa kampani imodzi, malipiro osasiyana kwenikweni. Mu 1953 Morris analengeza kuti makondakitala ankadwala mtima mocheperapo, ndipo akadwala sankafa msanga ngati madalaivala. Anapezanso zofanana poyerekeza onyamula makalata oyenda pansi ndi anzawo okhala m'maofesi. Mwiniwakeyo anazitenga zimenezi ngati zake, ankasambira ndi kuyenda mpaka ukalamba, ndipo anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99.

Koma kafukufuku amene amagwira mtima kwambiri ndi wa ku Dallas mu 1966. Anyamata 5 athanzi, a zaka 20, anavomera kugona pabedi milungu 3 osadzuka. Atadzuka, mphamvu ya matupi awo yokoka ndi kugwiritsa ntchito mpweya inali itatsika kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 1996 ofufuza anawaitananso anthu omwewo, tsopano ali ndi zaka 50, ena mimba zitatuluka. Anapeza kuti zaka 30 za kukula sizinawafooketse ngati mmene inawafooketsera milungu 3 ija ya pabedi. Amenewa anali anyamata opanda matenda. Nanga nkhalamba ya mtima wa chipsera, yogonekedwa milungu 6?

Chodabwitsa n'chakuti nzeru imeneyi inali italembedwa kalekale. Dokotala wa ku London William Heberden, amene mu 1772 anafotokoza ululu wa pachifuwa wobwera munthu akamakwera chitunda, anatchulapo za bambo wina amene anadzipatsa ntchito yocheka matabwa theka la ola tsiku lililonse ndipo anatsala pang'ono kuchiriratu. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti tsiku lililonse. Panatenga zaka pafupifupi 180 kuti madokotala abwerere kwa bambo wa sowo uja.

Lero otsutsa ndi ochepa. Mu 2021 gulu la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusefa zotsatira za kafukufuku wa zachipatala, linaunika kafukufuku 85 wokhudza anthu oposa 23,000, n'kupeza kuti mafizo a mtima amachepetsa kutsekekanso kwa mtsempha komanso kugonekedwanso m'chipatala. Chifukwa chake n'chomveka. Minofu ya miyendo ikazolowera ntchito imatenga mpweya wambiri m'magazi omwewo, choncho mtima sufunika kugunda kwambiri kuti munthu akwere chitunda chomwe chija. Mitsempha imafewa, BP imatsika, shuga amalowa bwino m'minofu, tulo timabwera. Vuto ndi lakuti zabwino zonsezi zilibe nkhokwe. Chimanga mungakolole mu Meyi n'kumadya mpaka Febuluwale. Mphamvu ya mtima imayamba kuchepa pakangotha milungu yochepa munthu atasiya kuyenda, monga anyamata a ku Dallas anaonetsera ndi matupi awo.

Ndipo anthu amasiya. Ambiri sayamba n'komwe. Ku Britain kwa zaka zambiri pafupifupi theka lokha la oyenera mafizowa ndi amene amapitako, ndipo ku America, mwa okalamba amene boma limawalipirira kuchipatala, anali pafupifupi mmodzi mwa anayi mu 2016. Mwa amene amamaliza, ambiri pakatha miyezi 6 kapena chaka amakhala atabwerera pampando.

Kunena kuti ndi ulesi n'kuwalakwira. Munthu amene anamvapo chifuwa chikufinyidwa ngati wakhalidwa ndi thumba la simenti samaiwala. Mtima ukangogunda mofulumira pokwera masitepe, thupi lonse limakumbukira tsiku lija. Kuchipatala kugunda komweko sikunkamuopsa, chifukwa nesi ankayang'ana pa makina n'kumuuza kuti zili bwino, pitirizani. Kunyumba palibe womasulira kugundako. Ndiye pali chikondi cha pabanja, chimene chimafanana kulikonse pansi pano. Mayi a kunyumba akaona bambo atanyamula ndowa amathamanga: "Bambo, tasiyani, ana atunga. Inu khalani pamthunzi." Ana amagula mpando wabwino, amabisa khasu, amaletsa ulendo wa kumsika. Mosadziwa, banja limamubwezera munthu wawo ku bedi la m'ma 1930 lija. Pa mantha amenewa pali yankho la manambala. Kafukufuku wa ku France wofalitsidwa mu 2006 anatsatira odwala oposa 25,000 m'malo 65 ochitira mafizo a mtima kwa chaka chathunthu, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anafa chifukwa cha mafizowo. Koma nambala yolembedwa m'buku siyenda ndi munthu pamsewu m'mawa.

Apa ndi pamene panabadwira ganizo lomutsatira wodwala kwawo, ali kutali. Ana a kumudzi amadziwa kuti tsokonombwe akakhalitsa safuna kunyamulidwa. Mukangogwedeza udzu pafupi naye, wadumpha.

Oyamba kugwedeza udzu mwadongosolo sanagwiritse ntchito intaneti. Ku Edinburgh, pa chipatala cha Astley Ainslie, Bob Lewin ndi anzake anakonza buku lotchedwa Heart Manual, la milungu 6, lokhala ndi ndondomeko ya kuyenda, malo olembamo zimene wachita tsiku lililonse, ndi makaseti ophunzitsa kudekha ndi kuyankha mafunso a pabanja. Pamwamba pa bukulo panali munthu wophunzitsidwa amene ankaimba foni kapena kufika pakhomo nthawi ndi nthawi. Zotsatira za mu 1992 zinaonetsa kuti odwala amene analandira bukuli anali ndi nkhawa zochepa, ndipo m'miyezi yoyamba sankabwerera kuchipatala kawirikawiri ngati anzawo. Mpaka pano bukuli likugwirabe ntchito.

Mafoni a m'manja atafala, njira zinachuluka. Ku Sydney, Clara Chow ndi gulu lake anatenga odwala mtima 710 n'kuwagawa pawiri. Theka linkalandira mameseji 4 pa mlungu kwa miyezi 6, timawu tachidule totchula dzina la munthuyo, tomukumbutsa za kuyenda, za mchere, za fodya. Mu 2015 anapeza kuti olandira mameseji ankayenda kwambiri, BP yawo inatsikirapo, ndipo osuta fodya anachepa poyerekeza ndi gulu linalo. Ku Hasselt m'dziko la Belgium, Ines Frederix ndi Paul Dendale anapatsa odwala kachipangizo kowerenga mayendedwe a thupi. Odwalawo ankatumiza manambala awo pa intaneti, ndipo mlungu uliwonse ankalandira uthenga wowauza pamene afika ndi pamene ayenera kulinga. Mwa anthu 140 a mu kafukufukuyu, amene anatsatiridwa chotere kwa milungu 24 anali ndi mphamvu zoposa anzawo amene anangosiyidwa. Mliri wa Covid-19 utatseka malo ochitira mafizo mu 2020, zipatala zambiri zimene zinkazengereza zinalowa m'njira zoterezi mokakamizika, ndi mavidiyo, mawotchi owerenga kugunda kwa mtima, ndi mafoni wamba.

Nkhani ikanathera pamenepa bwenzi ili yokoma kwambiri. Koma pali kafukufuku wa ku Poland amene aliyense wokonda zipangizo ayenera kumumvetsera mofatsa.

Ewa Piotrowicz ndi anzake anatenga anthu 850 a mtima wofooka, uja wolephera kupopa magazi okwanira mpaka miyendo kutupa ndi mpweya kubanika. Theka la iwo analandira chisamaliro chapamwamba zedi. Mlungu woyamba anaphunzitsidwa m'chipatala, milungu 8 yotsatira ankachitira kwawo, masiku 5 pa mlungu, akuyenda ndi ndodo ziwiri zotsamira. Asananyamuke ankayankha mafunso a mmene adzukira, kudziyeza sikelo ndi BP, n'kutumiza chithunzi cha kagundidwe ka mtima kudzera pa foni, ndipo kuchipatala ankaona kaye asanawalole kuyamba. Itatha milungu 9 anthuwa anali ndi mphamvu zowonjezereka ndipo ankanena kuti moyo ukukoma. Kenako pulogalamu inatha, zipangizo zinabwezedwa. Ofufuza anawatsatira kwa miyezi 14 mpaka 26 n'kuwerenga masiku amene aliyense anakhala wamoyo ali kunja kwa chipatala. Panalibe kusiyana pakati pa magulu awiriwo.

Ena anamva zimenezi ngati umboni wakuti chisamaliro cha patali n'chopanda ntchito. Kumeneko n'kuwerenga molakwa. Chimene a ku Poland anaonetsa n'chakuti milungu 9, ngakhale ikhale yokonzedwa bwino chotani, ndi kudumpha kumodzi. Anangosuntha geti lija, kulichotsa pachipatala n'kukaliika patsogolo pang'ono, koma wodwala anatulukabe pageti n'kutsala yekha. A ku Hasselt nawo atabwerera kwa odwala awo patatha zaka ziwiri anapeza kuti mphamvu zija zinali zitayamba kutsika uthenga wa mlungu ndi mlungu utaleka, ngakhale kuti ankaposabe anzawo. Ndipo gulu la ku Sydney lija litayesanso mameseji pa anthu oposa 1,400, zotsatira za mu 2022 zinaonetsa kuti sanasinthe kamwedwe ka mankhwala. Meseji yobwera yokha kuchokera m'kompyuta imagwedeza udzu masiku oyamba. Ikazolowereka imasanduka ngati mphepo, ndipo tsokonombwe sadumphira mphepo.

Kuthamanga sikufika, anatero akale omwewo. Zipatala ndi a inshulansi amakonda pulogalamu yokhala ndi tsiku loyambira ndi lomalizira, chifukwa imawerengeka ndipo imalipirika. Matenda a mtima alibe tsiku lomalizira. Ndalama zimene zingagule chipangizo chodula cha milungu 9 zikhoza kulipira nesi woimba foni kamodzi pa mwezi kwa zaka zingapo, ndipo pali chifukwa chokwanira choganizira kuti njira yachiwiriyi ndi imene ikugwirizana ndi mmene matendawa alili.

Dziko la Germany linazindikira mbali imeneyi kalekale, m'njira yosafuna magetsi. Kumeneko kuli magulu a odwala mtima pafupifupi 6,000, otchedwa Herzgruppen, amene amakumana kamodzi kapena kawiri pa mlungu m'maholo a masewera a m'dera, motsogozedwa ndi mlangizi wophunzitsidwa ndiponso moyang'aniridwa ndi dokotala. Dokotala amatha kumulembera wodwala maulendo 90 oti awachite m'miyezi 24, inshulansi n'kulipira. Ambiri akamaliza amapitiriza ndi ndalama zawo, chifukwa pofika nthawi imeneyo amakhala akupitira anzawo. Ukajomba milungu iwiri wina amafunsa. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Bungwe la penshoni la dzikolo, limene limalipira mafizo a anthu apantchito pofuna kuti abwerere kuntchito m'malo mopuma msanga, tsopano limalolanso kuti chisamaliro chotsatira chichitike kudzera pa foni ndi kompyuta, makamaka kwa okhala kutali ndi ogwira ntchito mosinthana usiku ndi usana. Chofunika kuonetsetsa n'chakuti kuseri kwa foniyo kukhalebe munthu wodziwa dzina la wodwala, amene angazindikire kuti manambala aima n'kufunsa chifukwa chake.

Ku Toronto, Terence Kavanagh anamanga pulogalamu yake pa mfundo yomweyi. Odwala ankabwera pamalo kamodzi pa mlungu, masiku ena anayi ankayenda kwawo, aliyense ndi mtunda wake ndi liwiro lake, n'kumalemba m'kabuku kamene kankaonedwa akabwera. Mu 1973 ena mwa odwala akewo anathamanga mpikisano wa Boston Marathon, makilomita 42, n'kumaliza. Dziko linadabwa ndi mpikisanowo, koma ntchito yeniyeni inali m'timabuku tija, tsamba ndi tsamba, ndi m'maso a amene ankatiwerenga.

Chisamaliro cha patali chilinso ndi malire ake ena amene sayenera kubisidwa. Odwala mtima ambiri ndi achikulire, ena maso ndi ofooka, ena foni ya pagalasi imawasokoneza, ena alibe ndalama ya bandulo. Wotchi yowerenga mapazi imathandiza kwambiri munthu amene anali kale ndi khama, pamene wosauka, wokhala yekha, wokhumudwa, amene akufunika thandizo koposa, ndiye woyamba kuisiya m'dirowa. Komanso si aliyense woyenera kuchitira kunyumba. Amene chifuwa chimamupweteka ali chikhalire, kapena mtima wake ukugunda mosokonekera, ayenera kuonedwa kaye ndi dokotala maso ndi maso.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni, ndipo oposa atatu mwa anayi alionse anali a m'mayiko osauka ndi apakatikati, kumene malo ochitira mafizo a mtima ndi osowa. Ku Malawi kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. BP yosasamalidwa imathera ku sitiroko kapena ku mtima wofooka, ndipo palinso achinyamata amene mavavu a mtima wawo anawonongeka ndi matenda oyambira pa zilonda za pakhosi. Kwa munthu wa ku Neno amene watuluka m'chipatala ndi mapiritsi ochotsa madzi m'thupi, nkhani ya njinga yosachoka pamalo ndi ya kutali. Iye ntchito ya thupi sakuisowa, munda ukumudikira, chitsime chili kutsidya. Chimene akusowa ndi muyeso, woti amuuze kuti kupalira mizere ingati n'kokwanira mlungu uno, kuti thumba la chimanga lidikire kaye, kuti kuyenda mpaka kutchalitchi n'kwabwino. Popanda muyeso umenewu amagwera mbali imodzi mwa ziwiri, kugona pamkeka mpaka miyendo kulefuka, kapena kubwerera kudimba ndi mphamvu zonse tsiku lachitatu.

Njira yofikira munthu wotereyu ilipo kale. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, poyamba pa nkhani za amayi oyembekezera ndi ana, kenako chinakula n'kufika dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo, ndipo munthu amaimba mwaulere. Alangizi a zaumoyo a m'midzi amayenda kale khomo ndi khomo. Zimene Edinburgh inachita ndi buku, kaseti ndi foni ya patebulo zikhoza kuchitika ndi kabuku ka kuchipatala kaja ndi foni ya mabatani.

Muyeso wake ndi wosavuta kuphunzitsa. WHO imalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za ntchito yotenthetsa thupi pang'ono, ndipo kwa wodwala mtima zimayamba ndi mphindi 5 kapena 10, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Posowa wotchi yowerenga kugunda, a mafizo amagwiritsa ntchito pakamwa. Ngati munthu akuyenda n'kumatha kucheza ndi mnzake mawu osaduka, koma sangathe kuimba nyimbo, liwiro lili bwino. Ngati mawu akuduka ndi befu, achepetse. Ululu wa pachifuwa, wotsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, chizungulire, thukuta lozizira, kubanika ali chikhalire, kapena miyendo kutupa mwadzidzidzi, zimenezo n'zoti aime ndi kupita kuchipatala. Mayi a kunyumba aja akaphunzira zizindikiro zimenezi limodzi ndi bambo, mantha awo amapeza ntchito. Amasiya kubisa nsapato n'kuyamba kuperekeza.

Kucheza kwa pa foni kumene kumasunga munthu panjira sikukhala kwa nzeru zakuya. Nesi amatsegula kaundula, amaona kuti milungu iwiri yapita popanda cholembedwa, amaimba.

"Bambo, mwadzuka bwanji? Ndaona kuti simunalembe kalikonse kuyambira pa 3. Kwagwanji?"

Amayankha kuti kunali maliro a mlamu wawo, anakhala kumeneko masiku 5, pobwera mvula inali itayamba, ndiye tsiku lina pokwera kachitunda ka kuseri kwa sukulu mtima unagunda mwachilendo, iwo n'kuganiza kuti bola adikire. Nesi sawadzudzula. Amawapepesa za malirowo, amafunsa ngati kugundako kunabwera ndi ululu kapena chizungulire, ngati kunaleka atapuma, ngati mapiritsi anawatenga popita kumaliro kuja. Amafunsa ngati mayi ali pafupi kuti nawonso amve. Akakhutira kuti palibe choopsa, amawauza kuti asayambire pamene anasiyira, kachitunda kadikire kaye.

"Mawa dzuwa lisanatenthe, mufike pa mjigo n'kubwerera. Mphindi 10 zokha, mayi akuperekezeni. Mkuja chimodzimodzi. Ine ndiimbanso Lachisanu m'mawa, mudzandiuze mmene mwayendera."

Bambo amafunsa ngati angatenge ndodo, poti njira ya kumjigo yaterera ndi mvula. Nesi amati atenge, n'kulemba m'kaundula tsiku la Lachisanu.